CHIBODA CHA CHIWETO NDI NTHENDA YOYAMBIRA M'MIMBA

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi, kwa mafumu ndi alimi a ku Chileka ndi ku Lirangwe, m'boma la Blantyre.

 Lero tikambirana za ziboda za ziweto zathu, m'mene zikulira, ndiponso za nthenda ina yoopsa imene igwira m'kati mwake.

Munthu akafuna kugula bulu kapena ng'ombe ya pagoli ayang'ana msana, ayang'ana mano, agwira nthiti, ndipo afunsa mtengo. Ndi owerengeka amene awerama kuti aone ziboda. Komatu chiweto chokoka ngolo chili ndi phindu chifukwa cha kuyenda kwake. Chikaleka kuyenda, ngolo ikhala pansi pa mtengo, manyowa atsala m'khola, ndipo chimanga chibwera kumudzi pamutu pa amayi.

Nthenda imene ndilikunena madokotala a ziweto aitcha laminitis. Ife tingati ndi kutupa kwa m'kati mwa chiboda. Inadziwika bwino chifukwa cha akavalo, pakuti ku maiko ena kavalo ndi chuma chachikulu, ndipo akatswiri akhala alikuifufuza zaka zambiri. Kuno kwathu akavalo ndi osowa, ambiri a ife tangowaona pa chithunzi. Koma bulu ndi mbale wake wa kavalo, ndipo chiboda chake chinapangidwa chimodzimodzi. Abulu ngochuluka ku Dedza ndi ku Lilongwe kumene akoka ngolo tsiku ndi tsiku, ndipo mlimi wa kuno amene wagula kapena alikuganiza zogula bulu ayenera kumva zimenezi. Inunso a ng'ombe ndi a mbuzi musatseke wailesi, chifukwa nthendayi igwiranso ziweto zanu.

Mawu aakulu a nkhani yathu ndi awa: nthenda iyi ioneka kumwendo, koma kawirikawiri iyambira pa zimene chiweto chadya. Kulakwa kwa usiku umodzi pa nkhokwe kutha kutenga chaka chathunthu kuti kukonzeke, ndipo nthawi zina sikukonzeka konse.

CHIBODA NCHIYANI?

Tambasulani dzanja lanu, muyang'ane chala chapakati. Kavalo ndi bulu aima pa chala chimenecho chokha, chimodzi pa mwendo uliwonse. Ng'ombe ndi mbuzi ziima pa zala ziwiri, nchifukwa chake ziboda zawo nzogawanika. Tsono chiboda ndicho chikhadabo cha chalacho, chimene chinakula nkulimba mpaka kukuta nsonga yonse.

Mukanyamula mwendo wa bulu muona zinthu zitatu. Kunja kuli khoma lolimba lozungulira, limene lisenza katundu wambiri. Kunsi kuli phazi lolowa m'kati pang'ono ngati mbale. Pakati pa phazilo, cha ku chidendene, pali kanthu kofewerapo kooneka ngati nsonga ya mkondo, kamene kathandiza chiweto kuti chisaterereke ndiponso kachepetsa kugunda poponda pouma. Pamene khoma likomana ndi phazi pali kamzere kotuwa kozungulira. Kamzere kameneka mukakumbukire, tikatchulanso.

M'kati mwa chiboda muli fupa laling'ono lomaliza la mwendo. Anthu ambiri ayesa kuti fupali likhala pansi ngati phazi la munthu m'nsapato. Iyayi, si tero. Fupali nlopachikidwa ku khoma la chiboda. Zimene zilipachika ndi timasamba topyapyala tambirimbiri. Mukatembenuza bowa wa utale muona timizere tofola kunsi kwake. Timasamba ta m'chiboda tioneka motero. Tina timera ku fupa, ndipo tili ndi magazi ndi mitsempha yomvera ululu. Tina timera ku khoma, ndipo ntouma. Magulu awiriwa alowana monga m'mene zala zilowerana munthu akapinda manja ake pamodzi. M'chiboda chimodzi cha kavalo muli timasamba pafupifupi 600, ndipo kalikonse kali ndi tinthambi take toposa 100.

Kavalo wamkulu alemera ngati matumba khumi a chimanga, a makilogalamu 50 lililonse. Kulemera konseku kulendewera pa timasambato. Ndipo miyendo yakutsogolo isenza zambiri kuposa yakumbuyo, pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse. Ichi ndicho chifukwa chake nthendayi ikonda kuoneka kutsogolo pa kavalo ndi bulu.

M'MENE CHIBODA CHIKULIRA

Chiboda sichikula kunsi kumene chipondera. Chiyambira pamwamba, pa mkombero pomwe ubweya uthera, ndipo chitsika pang'onopang'ono, monganso chikhadabo chanu chiyambira patsinde. Pa kavalo khoma litsika mamilimita 6 kufikira 10 pa mwezi, ndiko kuti kuchepera pa kukula kwa chikhadabo cha chala chanu chaching'ono. Pa ng'ombe litsika mamilimita 5 okha. Kuti chiboda chatsopano chichoke pa mkombero kufika pansi kutsogolo, papita miyezi 9 kufikira 12. Ku chidendene, kumene khoma nlalifupi, papita miyezi 4 kapena 5.

Mutha kudzionera nokha. Tengani tupa, mukande kamzere kosazama pa khoma, pafupi ndi pamene ubweya uthera. Mwezi ukatha mupeza kuti kamzereko katsika. Musachite kanthu kena, ingokayang'anani mwezi ndi mwezi mpaka kadzafike pansi. Mukatero simudzaiwalanso kuti chiboda sichifulumira.

Pali zinthu ziwiri zimene tiphunzira pamenepa. Choyamba, khoma limene latsika kale nlouma, silingadzipoletse lokha. Likang'ambika kapena kupindika, mankhwala ake ndi kudikira kuti lina latsopano litsike kuchokera pamwamba. Chachiwiri, chiboda chisunga mbiri ya chiweto. Chiweto chikadwala, chikasowa chakudya, kapena chikasintha zakudya mwadzidzidzi, pa khoma patuluka kamzere kozungulira, ndipo katsika pamodzi ndi chiboda. Kamzere kali pakati pa khoma kakuuzani zimene zinachitika miyezi 5 kapena 6 yapitayo.

Chiweto chikamayenda mokwanira, nthaka isema kunsi pamene pamwamba palikumera, ndipo ziwirizi zilingana. Ku Lirangwe ndi kumunsi cha ku Matope nthaka njouma ndi ya miyala nthawi ya chilimwe, kotero ziboda zitha zokha, mwinanso zitha mopitirira pa ziweto zoyenda pa tala. Koma dzinja likafika, ziweto zimangidwa pa chingwe kuopa minda, ziima pa matope, ndipo ziboda zikula popanda chozisema. Walira mvula walira matope. Bulu makamaka avutika, chifukwa makolo ake anachokera ku maiko ouma a kumpoto chakum'mawa kwa Africa, ndipo chiboda chake chimwa madzi msanga nkufewa.

ZIMENE NTHENDAYI ICHITA

Nthendayi ikayamba, timasamba tija tifooka, titamuka ndi kuyamba kulekana. Amene anamenyapo chala ndi hamala mpaka magazi kuundana kunsi kwa chikhadabo adziwa ululu wake. Tsono ganizani kuti thupi lanu lonse laima pa chala chimenecho, usana ndi usiku, popanda pothawira. Khoma nlolimba, silipereka malo kuti chotupa chifufume.

Timasamba tikalekana kwambiri, fupa litaya pogwira. Kulemera kwa thupi kulikankhira pansi, ndipo mtsempha wolimba ngati chingwe umene uli kumbuyo kwa mwendo ulikokera kumbuyo. Motero nsonga ya fupa itembenuka kuloza pansi, kapena fupa lonse limira. Phazi limene linali lolowa m'kati likhala lathyathyathya, kenaka lituluka kunja. Zikafika poipa, fupa liboola phazi nkuonekera. Pamenepo kawirikawiri chiweto sichichiranso.

Musayese kuti ndalama zitha kugula chiboda chatsopano. Ku America kunali kavalo wa mpikisano dzina lake Barbaro, amene anapambana liwiro lotchuka la Kentucky Derby mu May 2006. Patapita masabata awiri anathyoka mwendo wakumbuyo wa kumanja. Madokotala odziwa anaulumikiza fupa, koma pakuti kavaloyo anali kutsamira pa mwendo winawo, nthenda yathuyi inagwira chiboda cha kumanzere. Anayesa zonse miyezi isanu ndi itatu, koma mu January 2007 anamupha kuti apumule ku ululu. Ngati zinakanika kumeneko, ife a kumudzi chida chathu ndi kupewa basi.

ZIMENE ZIYAMBITSA NTHENDAYI

Choyamba, ndipo chachikulu kuno kwathu, ndi kudya chimanga, mapira kapena madeya ambiri nthawi imodzi. Mimba ya bulu, ya ng'ombe ndi ya mbuzi inapangidwira udzu. M'menemo muli tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso timene tigaya udzuwo. Chimanga chikalowa chambiri, chiwira ndi kusasa monga thobwa logonetsa. Tizilombo tabwino tifa, khoma la matumbo lipsa, ululu ulowa m'magazi, ndipo ufika ku timasamba ta m'chiboda. Kumbukirani kuti kavalo ndi bulu sasanza. Chimene chalowa chalowa.

Choopsa chake nchakuti chiweto sichitsimphina nthawi yomweyo. Papita tsiku limodzi, awiri, mwina atatu. Mwini wake aona bulu alikuyenda bwino m'mawa mwake, ndipo ati palibe kanthu, namumanga pa ngolo. Pamene kutsimphina kuoneka, zambiri zaonongeka kale.

Zoterezi zichitika kwambiri mu April, May ndi June, pamene chimanga chili pa mikukwe kapena chayanikidwa pabwalo, ndipo ziweto zamasulidwa. Zichitikanso pa chigayo pamene ngolo idikira pafupi ndi matumba a madeya, ndi pakhomo pamene aphika mowa, masese atatayidwa pa mtetete. Makaka a chinangwa, mbatata ndi nsima yotsala zichitanso chimodzimodzi zikachuluka.

Chachiwiri ndi kunenepa pamodzi ndi msipu. Udzu wanthete womera ndi mvula yoyamba, kapena wophuka pa lupsa m'dambo, uli ndi shuga wambiri. Bulu wonenepa amene sagwira ntchito akadya msipu wotere, thupi lake litulutsa insulini yambiri, ija imene odwala shuga ena abayidwa. Mu 2007 akatswiri a ku Australia anasonyeza kuti insulini ikachuluka m'magazi a kavalo wabwinobwino, iyo yokha iyambitsa nthendayi m'masiku ochepa. Ku maiko kumene akavalo adya bwino, ambiri odwala ziboda adwala mwa njira imeneyi. Abulu athu ambiri ngoonda, koma yang'anirani amene khosi lake lakhuthala pamwamba nkulimba, ndiponso ali ndi zibuma za mafuta pa msana ndi pa matako. Ameneyo sindiye wathanzi iyayi, ali pangozi.

Chachitatu ndi matenda ena aakulu. Chiweto chikabereka ndipo chotsalira chosatuluka, m'mimba muola, ndipo ululu ufika ku ziboda. Pa kavalo ndi bulu chotsalira chiyenera kutuluka maola atatu asanathe. Chikachedwa itanani thandizo tsiku lomwelo. Kutsegula m'mimba kwakukulu kochita kutentha thupi kuthanso kuyambitsa nthendayi.

Chachinayi ndi kutsamira mwendo umodzi nthawi yaitali, monga kavalo wa ku America uja. Bulu akalasidwa ndi msomali ndipo mumulekerera masabata angapo, mwendo wabwinowo udzaonongekanso. Chachisanu ndi kuthamangitsa chiweto pa msewu wouma ndi katundu wolemera, makamaka ziboda zili zazitali.

M'MENE MUNGAZINDIKIRE

Kavalo wodwala aponya miyendo yakutsogolo patsogolo, natsamira kumbuyo ngati afuna kukhala pansi, kuti aponde ndi zidendene. Bulu sachita zimenezi kawirikawiri. Bulu ndi nyama yobisa ululu. Iye angokhala chete, makutu ali pansi, agona kwambiri, ayenda timapazi tifupitifupi ngati alikuponda minga, ndipo akaima anyamula mwendo uwu, kenaka uwo, mosinthanasintha. Akana kutembenuka, akananso kuponda pa miyala. Abulu ambiri amenyedwa kuti ngaulesi kapena amakani pamene alikudwala. Bulu amene dzulo anali kukoka bwino ndipo lero akana, musamutengere chikoti, muyambe mwagwira ziboda zake.

Gwirani khoma la chiboda ndi dzanja m'mawa dzuwa lisanatenthe. Chiboda chodwala chikhala chofunda kuposa zinzake. Kenaka ikani zala ziwiri kumbuyo kwa mfundo imene ili pamwamba pa chiboda, cham'mbali. Pamenepo padutsa mtsempha wa magazi. Pa chiweto chabwino kugunda kwake nkovuta kumva, koma pa chodwala ugunda mwamphamvu. Phunzirani kugwira pamenepa chiweto chili bwino, kuti tsiku la vuto mudzadziwe kusiyana kwake.

Musasokoneze nthendayi ndi zina. Munga, msomali kapena mafinya zigwira mwendo umodzi, pamene iyi ikonda kugwira iwiri kapena yonse inayi. Chilonda cholasidwa kuphazi chili ndi ngozi yakeyake ya kafumbata, ndipo chifunikanso dokotala. Ziboda zikaola chifukwa cha matope zimveka fungo. Ndipo ngati ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba zingapo zitsimphina pamodzi, zikuchucha dovu, zili ndi matuza m'kamwa ndi pakati pa ziboda, amenewo atha kukhala matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, aja amene abuka kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Amenewo ngopatsirana. Musasunthe chiweto chilichonse, dziwitsani a Boma msanga. Akavalo ndi abulu sadwala amenewo. Nthenda ya lero siipatsirana konse.

Nthenda ikakhalitsa, chiboda chisintha maonekedwe. Timizere tozungulira tija tikhala tothinana kutsogolo koma totalikirana ku chidendene, chifukwa chidendene chikula msanga kuposa kutsogolo. Khoma lakutsogolo lilowa m'kati pakati pake, ndipo nsonga ipindikira m'mwamba ngati mphuno ya bwato. Kamzere kotuwa ka kunsi kaja katambasuka, ndipo timiyala ndi dothi zilowa pamenepo nkuchita mafinya.

ZOYENERA KUCHITA

Mukapeza kuti chiweto chathyola nkhokwe kapena chatsegula thumba, musadikire kuti chitsimphine. Zengerezu analinda kwawukwawu. Tumani mwana pa njinga kapena imbani foni kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu nthawi yomweyo. Iye ali ndi njira yothandizira m'mimba ndi mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa. Musamwetse bulu mankhwala kapena mafuta ndi botolo mokakamiza, chifukwa atha kulowa m'mapapo.

Podikira chitani izi. Chotsani chimanga, madeya ndi msipu. Perekani udzu wouma kapena mapesi. Bulu mumpatse madzi monga mwa masiku onse. Ng'ombe kapena mbuzi imene yakhuta chimanga musailole kumwa madzi ambiri tsiku loyamba.

Ziziritsani miyendo. Mu 2004 madokotala awiri a pa University of Queensland ku Australia, a Andrew van Eps ndi a Christopher Pollitt, anaika mwendo umodzi wa akavalo odwala m'madzi a ayezi kwa maola 48. Mwendo woziziritsidwa unapulumuka kwambiri kuposa unzake. Kuyambira pamenepo njirayi igwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, ndipo ithandiza koposa ikayambidwa kutsimphina kusanaoneke. Ife tilibe zipangizo zawo, koma tili ndi ndowa. Imikani miyendo m'madzi ozizira ofika pafupi ndi bondo, ndi kuwasintha akafunda. Amene muli pafupi ndi Lunzu kapena Chileka, kumene kuli mafiriji, gulani madzi oundana muikemo. Ngati mtsinje uli patali, musayendetse chiweto kupita kumeneko. Madziwo ndiwo abwere.

Musayendetse chiweto chodwala. Kale ena anali kunena kuti kuyenda kumasula miyendo. Lero tidziwa kuti phazi lililonse limene chiponda ling'amba timasamba totsala. Thirani mchenga wakuya pamthunzi, wofika chikhatho chimodzi kapena kuposa, kuti chiime pofewa. Chikafuna kugona chisiyeni chigone, ingochitembenuzani kuti chisachite zilonda, ndipo muike madzi ndi udzu pafupi ndi pakamwa pake.

Chenjezo lalikulu pa bulu ndi ili: musamumane chakudya. Bulu akakhala osadya, mafuta a m'thupi asefukira m'magazi, chiwindi chilephera, ndipo afa msanga. Ngakhale wonenepa, achepetsedwe pang'onopang'ono pa miyezi ingapo. Bulu amene wakana kudya tsiku lathunthu ndi wodwala kwambiri.

Ululu ukatha musafulumire kumumanga pa ngolo. Mankhwala abisa ululu, koma timasamba tikhala tisanagwirane. Apumule mwezi wathunthu kapena kuposa, monga adzanenere mlangizi wa ziweto. Ngati fupa linasuntha, padzapita pafupifupi chaka kuti chiboda chatsopano chitsike, ndipo chidzafuna kusemedwa kawirikawiri ndi munthu wodziwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma fupa likaboola phazi, chifundo ndi kulola kuti chiwetocho chiphedwe mosazunzika.

NG'OMBE NDI MBUZI

Ng'ombe kapena mbuzi ikadya chimanga chambiri, ngozi yoyamba ndi imfa. Mimba itupa, ndowe zituluka zamadzi ndi zonunkha chosasa, chiweto chidzandira ndipo chitha kufa m'masiku awiri kapena atatu. Imene yapulumuka nthawi zina itsala ndi ziboda zotentha, iyenda msana utapindika, ndipo mbuzi idya chogwada. Pambuyo pake ziboda zikula zazitali ndi zokhota.

Inu a ng'ombe za mkaka zosungidwa m'khola, mumvetse apa. Madeya ngabwino, ndipo ndiwo aonjezera mkaka, koma asaperekedwe onse pa nthawi imodzi. Agaweni kawiri kapena katatu pa tsiku, ng'ombe itayamba yadya udzu. Mukafuna kuonjezera, chitani pang'onopang'ono pa masabata awiri kuti mimba izolowere. Lamulo limeneli ligwiranso pa ng'ombe za pagoli. Alimi ena aziiwala chilimwe chonse, ndipo mvula ikayandikira azithira madeya ambiri kuti zipeze mphamvu yolimira. Kutero ndi kupha ng'ombe ndi chifundo. Yambani mu September, pang'onopang'ono.

Dziwaninso kuti pa ng'ombe za mkaka si chakudya chokha chimene chiononga ziboda. Ikabereka, zogwira fupa m'chiboda zifooka kwa masabata angapo. Ikaima nthawi yaitali pa simenti kapena pa njerwa, ndiponso ikaonda, fupa lifinya phazi ndipo pachita chilonda, makamaka pa chiboda chakunja cha mwendo wakumbuyo. Tsono ipatseni pogona pouma ndi pofewa, ndipo muchotse ndowe tsiku lililonse.

KUSAMALA ZIBODA

Zolowerani kunyamula miyendo ya bulu tsiku lililonse asanapite ku ntchito ndiponso pobwerako. Chotsani dothi ndi timiyala ndi kamtengo kosathwa, kuyambira ku chidendene kupita kutsogolo. Mukayamba bulu ali mwana, sadzakuvutani atakula.

Ziboda za bulu ziyang'anidwe kuti zisemedwe masabata 6 kufikira 10 alionse. Zida zake ndi mpeni wakuthwa, chopanira chodulira ndi tupa. Chikwanje ndi nkhwangwa si zida za ntchito imeneyi. Semani pang'onopang'ono, ndipo mukaona pafiira lekani, pakuti magazi ali pafupi. Chiboda chimene chatalika kwambiri sichikonzedwa tsiku limodzi. Amene simunachitepo, pemphani mlangizi wa ziweto akusonyezeni koyamba.

Khola likhale pamalo okwera, lofoleredwa mbali imodzi, ndi ngalande yochotsa madzi. Chakudya chachikulu cha bulu chikhale udzu wokhwima ndi mapesi. Musatenthe mapesi, masangwi a mtedza ndi makoko a nandolo, sungani pa thandala. Madeya ngoyenera bulu amene agwira ntchito yolemera, woyamwitsa kapena woonda, ndipo akhale ochepa. Mvula yoyamba ikagwa, yambani mwampatsa udzu wouma m'mawa, ndipo pa msipu akhalepo kanthawi kochepa masiku oyamba.

MAWU KWA MAFUMU

Inu mafumu, pali zinthu zimene mlimi mmodzi sangathe payekha. Mutu umodzi susenza denga.

Ndinu amene mulengeza tsiku lomasula ziweto anthu akakolola. Chonde musalengeze chimanga chikadali pa mikukwe kapena pabwalo. Mlandu wa ng'ombe yodya chimanga cha mwini uli ndi olira awiri, mwini chimanga ndi mwini ng'ombe. Poweruza mlandu wotere, choyamba tumizani uthenga kwa mlangizi wa ziweto, za kulipa zidzakambidwe pambuyo. Kawirikawiri anthu ataya tsiku lonse alikukangana za madengu a chimanga pamene chiweto chilikuonongeka.

Uzani anthu anu atchinge nkhokwe, asunge matumba a madeya m'nyumba yotseka, ndipo ophika mowa akwirire masese kapena awapereke kwa mwini ziweto amene adziwa muyeso. Langizani anyamata oyendetsa ngolo kuti asathamangitse ziweto pa msewu wa tala, ndipo chiweto chotsimphina chisamangidwe pa goli m'mudzi mwanu.

Munthu akabwera kudzagulitsa bulu kapena ng'ombe, ndipo mwaitanidwa kukhala mboni, uzani wogulayo anyamule miyendo yonse inayi. Ayang'ane timizere ta pa khoma, ayang'ane kamzere kotuwa ka kunsi, ayendetse chiweto pouma ndi kuchitembenuza mbali zonse ziwiri. Wogulitsa atha kubisa zambiri, koma chiboda chinena zonse za chaka chathachi. Chiweto chimene chinadwalapo nthendayi chidwalanso mosavuta.

Pomaliza, sankhani m'mudzi mwanu munthu mmodzi kapena awiri odekha, okonda ziweto, kuti aphunzire kusema ziboda. Bwerani nawo ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu, kaya ndi ku Lirangwe, ku Lunzu kapena kwa Kunthembwe, tidzapangane tsiku. Tupa limodzi ndi mpeni umodzi zikwanira mudzi wonse.

Tibwereze zazikulu. Chiboda chimera pamwamba ndipo chitenga pafupifupi chaka kuti chifike pansi. Fupa la m'kati nlopachikidwa ndi timasamba tosachedwa kuonongeka. Chimanga ndi madeya ambiri pa nthawi imodzi ndiwo mdani wamkulu. Chiweto chikaba chimanga, itanani thandizo lero lomwe, chiziziritseni miyendo, chiimikeni pa mchenga, ndipo musachiyendetse. Mawa m'mawa, musanamasule ziweto zanu, weramani mugwire ziboda zake.